Mayina a Pansi pa Chithunzi

"Dzina la munthu ameneyo lisakhalepo," anatero amayi ake a Nevena, ali chiimire pakhomo lochokera kukhitchini. Anali atavala kale zakuda, koma kumapazi anali ndi masilipasi a amuna awo.

Nevena sanacheuke. Anakhala pampando wa bambo ake, zala zili pakiyibodi, akulemba chidziwitso cha maliro a bambo ake omwewo. A Parvan Minchev anagwa m'mawa wa tsikulo akumanga nsapato, ndipo dokotala atafika anangowatseka maso. Tsopano anali gone m'chipinda chapamwamba, kandulo ili kumutu, magalasi onse a m'nyumbamo ataphimbidwa ndi nsalu. Kuika m'manda kunali mawa masana, choncho mapepala anayenera kumatidwa kusanade: pachitseko cha nyumba, pabolodi la kutchalitchi, pamtengo wa pasiteji ya basi ndi pakhoma la positi.

Imeneyi inali ntchito ya a Parvan. Fakitale ya boma yosindikiza mabuku itatsekedwa, iwo anagula kompyuta yakale kwa munthu wina wa kumzinda wa Sofia, n'kusandutsa chipinda chapansi kukhala kashopu. Ankasindikiza makadi a ukwati ndi mitengo ya zakudya ya m'malesitilanti, koma chimene chinkawadyetsa kwenikweni chinali imfa. Aliyense womwalira m'tauniyo ankadutsa m'manja mwawo. Wachibale ankabwera ndi chithunzi m'thumba la jekete, iwo n'kuchilowetsa m'kompyuta, kuchiwalitsa pang'ono, kuika mtanda pamwamba ndi mzere wakuda kuzungulira, ndipo pansi penipeni mayina a olira. Nevena, yemwe ankaphunzitsa masamu pasukulu ya m'tauni momwemo, ankawathandiza Loweruka. N'chifukwa chake lero mpandowo unagwera iye.

"Amayi, ndi mng'ono wawo wa bambo," anatero. "Bere limodzi."

"Ndimamudziwa kuposa iwe. Lemba kuti mkazi wake Ginka, ana ake Nevena ndi Kamen. Pamenepo uike mpumiro."

"Anthu awerenga. Aona kuti a Stoil palibe."

"Aone. Pamene ankanena m'khoti kuti bambo ako ndi mbava yodyera pa maliro, anthu omwewo sanamve?"

Nkhani yake inali ya munda wa mpesa wa agogo, kuphiri. Boma litasintha n'kuyamba kubweza minda kwa eni ake, mundawo unagawidwa pakati pa abale awiriwo, ndipo mbali ya chitsime inagwera a Parvan. A Stoil anati mkulu wawoyo anachita kunong'oneza anthu a kumaofesi. Mlandu unapita kukhoti, unabwerako, unapitanso. Kuyambira pamenepo abale awiriwo akakumana pamsika aliyense ankapeza choyang'ana kumbali, ndipo palibe amene anapondanso m'mundamo poopa kukumanamo ndi mnzake.

Masitepe analira, ndipo Kamen, mlongo wake wamng'ono wa Nevena, analowa akupukuta nkhope ndi mkono wa juzi. Anali atafika ndi basi ya masana kuchokera ku Sofia, kumene ankakonza makompyuta pakampani ina, ndipo anangokwera pamwamba chikwama chidakali paphewa.

"Awaveka tayi," anatero ndi mawu osasa. "Bambo ankadana ndi tayi."

"Ukanafika msanga ukanawaveka wekha," anayankha amayi ake.

Kamen anawerama kumbuyo kwa Nevena n'kuwerenga zimene zinali pasikirini, milomo ikugwedera. Atafika pansi anaima.

"Nanga bambo aang'ono?"

"Nawenso? Watsika basi pompano, ukufuna undiphunzitse za banja lino?"

Kukhitchini mayi wina mwa oyandikana nawo anaitana kuti tirigu wa pamaliro akusefukira pamoto. A Ginka anatuluka akukwekweretsa masilipasi aja. Kamen anakankha chitseko ndi phazi mpaka chinatsekeka, nakhala pangodya ya tebulo.

"Achemwali, tamverani. Kuli anthu akugula phiri lonse lija, akufuna kubzala mpesa watsopano. Anandiimbira mwezi watha. Koma sangagule theka la munda wokhala ndi mlandu. Akufuna tonse tisayine, ife ndi bambo aang'ono."

"Mwezi watha? Bambo unawauza?"

"Ndimadikira Khirisimasi."

"Ndiye dzina la munthu uliike pamaliro a bambo ako ngati nyambo?"

"Nanga amayi azidya chiyani? Penshoni ija imatha asanalipire n'komwe magetsi. Shopu ino yafa limodzi ndi bambo m'mawa uno. Inu musiya sukulu kuti muzisindikiza akufa? Ine ndimagona m'kachipinda kalendi, ndikawaika pati?"

Zonse zimene ankanenazo zinali zoona, ndipo n'chimene chinamupweteka Nevena. Kanthawi kapitako iye mwini ndiye amalimbikira kuti dzinalo likhalepo. Koma tsopano, atalimva likutuluka m'kamwa mwa mlongo wake pamodzi ndi ogula minda, linamunyansa. Anayang'ana chithunzi cha bambo ake pasikirini, chipewa atachikankhira kumbuyo, diso limodzi atalitsinzinira dzuwa.

"Bambo sanazizire n'komwe," anatero, nadina batani losindikiza.

Pulinta inakhosomola, inakoka pepala, n'kuyamba kulira kwake kuja, kamutu ka inki kakupita uku n'kubwerera uku. Nthawi yomweyo zonse za pasikirini zinauma. Kamuvi koyendetsedwa ndi mausi kanaima pamene kanali. Kawotchi ka pangodya kanasiya kuyenda.

Kamen anatenga mausi n'kuigwedeza patebulo, koma kamuvi sikanasunthe.

"Mwatumiza angati?"

"Okwanira tauni yonse."

"Mulungu wanga. Tikhala pano mpaka wansembe afike." Anasuzumira kumbuyo kwa kompyuta, kumene chingwe chonenepa chotuwa chinalowa m'soketi yotambalala, n'kupukusa mutu. "Akadali pasoketi yakale ija! Kachipangizo ndinawabweretsera chaka chatha kaja kali kuti?"

Nevena analoza pashelefu ndi chibwano. Kabokosiko kanali pomwepo, kosatsegula, chitini cha shuga chili pamwamba pake.

"Ndinawafotokozera bwinobwino," anatero Kamen, ngati bambo akewo angamve kudutsa denga. "Soketi iyi ilibe nzeru zakezake. Kadontho kalikonse ka chithunzi pulosesa, ubongo wa kompyutayi, imachita kukanyamula yokha, kukapereka kuchingwe, n'kuima kudikira pulinta ivomere kuti yalandira, ndiye n'kubwerera kukatenga kena. Zilembo n'zopepuka, koma nkhope ya munthu ndi timadontho tosawerengeka. Nthawi yonseyo sichitanso china. Kiyibodi siimva, mausi siimva. Kachipangizo kaja kakanaitula katundu ameneyu, iwo n'kumalemba ntchito ina pulinta ikulira."

"Ndinalipo, ndinamva."

"Ndiye nditapita anati chiyani?"

"Anati makasitomala awo sathamangira kulikonse."

Kamen anaseka, koma kusekako kunathyoka pakati. Anatembenukira kukhoma, mapewa akunjenjemera, chikwama chija chidakali paphewa. Nevena anadzuka, namuvula chikwamacho n'kuchiika pansi. Sanamukumbatire. Anabwerera pampando.

Iye ankadziwa kuti bambo ake ankangoopa kutsegula kompyutayo, poganiza kuti akaitsegula siidzayakanso. Koma ankadziwanso mmene Loweruka linkakhalira muno. Makina akangoyamba chithunzi, panalibe chochita. Bambo ake ankayatsa kambaula, kuika kapoto ka khofi, n'kufunsa wokhala pabenchi kuti, "Ankagwira ntchito yanji malemuwa?" Ena ankayankha mawu awiri n'kuyang'ana wotchi. Ena ankayamba kulankhula, ndipo mapepala ankatha iwo asanathe.

Mapepala angapo anali atatuluka pamene kabelu ka pachitseko cha kumsewu kanalira.

Kwa kamphindi Nevena anaona bambo ake ataima pakhomo, ataonda, atavala suti. Anali a Stoil. Chipewa anachigwira m'dzanja limodzi, m'dzanja lina maluwa oyera okulunga m'nyuzipepala yonyowa. Madzi a mvula ankatsika m'tsitsi mwawo kulowa m'kolala.

"Ndinamva belu la kutchalitchi m'mawa," anatero. "Kenako mayi wogulitsa buledi ndiye wandiuza kuti ndi la ndani. Kukhomo la nyumba kuli azimayi ambiri. Ndati ndidzere kuno."

"Lowani, bambo aang'ono," anatero Nevena. Mawuwo anali atakhalitsa osatuluka m'kamwa mwake, ndipo anamveka achilendo.

M'kashopumo munalibe pena pokhala koma pabenchi ya makasitomala, ndipo a Stoil anakhala pomwepo, maluwa ali pamaondo. Sikirini inali yopendekera kubenchiko. A Parvan anaiika choncho dala kuti olira azionetsetsa ngati mayina alembedwa bwino. Nevena anakoka mausi kuti atseke tsambalo. Kamuvi sikanasunthe. Anadina batani ili, anadina ilo, koma tsambalo linangokhala mmene linalili, loyera, zilembo zake zikuluzikulu: mkazi wake Ginka, ana ake Nevena ndi Kamen. Dzanja la Kamen linayamba kuyenda chozemba kupita kubatani lozimitsira sikirini.

"Usavutike, mwana wanga," anatero a Stoil. "Maso anga akadali bwino. Ndawerenga."

Pulinta yokha ndiyo inkalira. Pepala lina linkatuluka pang'onopang'ono, mzere ndi mzere: mtanda, chipewa, kenako mphumi. A Stoil anasendera kutsogolo, akuyang'ana nkhope ya mkulu wawo ikubadwa m'kamwa mwa makinawo.

"Chipsera icho ndinamupatsa ndine," anatero, akuloza pamwamba pa nsidze ya kumanzere. "Ndi khasu. Tili ana, kumunda komwe kuja. Kunyumba ananena kuti wagwa pamwala."

Anayang'anabe mpaka maso atatuluka, mphuno, ndevu. Mayina aja anatuluka pomalizira, ndipo pepalalo linagwera pamwamba pa anzake. Pulinta inakoka lina.

"Mayi anu aang'ono a Todorka atamwalira," anayambanso a Stoil, osayang'ana aliyense, "ndinakwera basi kukasindikitsa mapepala kutauni ina, kuti ndisaponde muno. Anandipangira zoipa, nkhope yakuda bii ngati yapsa. Mvula itagwa kawiri panalibenso choona. Tsiku lina ndikupita kukayatsa kandulo, ndinapeza pabolodi pali pepala latsopano. Chithunzi china, cha paubatizo wako iwe Nevena, Todorka akuseka. Ine chithunzi chimenecho ndilibe. Masiku makumi anayi atakwana, panabwera lina. Chaka chitakwana, linanso. Mvula ikangowononga, sabata lisanathe pali latsopano."

"Pansi pake ankalembapo chiyani?" anafunsa Nevena.

"Mwamuna wake Stoil. Basi. Lake sankaliikapo."

Nevena anali asanamvepo zimenezi. Anadutsa pabolodi limenelo kambirimbiri, ndipo mapepala a bambo ake ankawadziwa ndi mtanda wawo wopyapyala, koma nkhope za pamenepo anasiya kalekale kuziyang'ana.

"Mukuwauza ana ngati nkhani yachilendo."

A Ginka anali atatsegula chitseko cha kukhitchini osamveka. Anaima ndi thaulo m'manja. A Stoil anadzuka, maluwa n'kugwa pansi.

"Alamu."

"Guluu womatira mapepala amenewo mukuganiza ankaphika ndani? Ndine, ndi ufa wanga." Mawu awo sanakwere, koma azimayi a kukhitchini anakhala chete. "Lamlungu masana ankatsika kuno n'kukhala pampando uwo, makina akulira. Makina amenewa akayamba sungalembe, sungachite kanthu, umangokhala. Iye ankakhala maso ali pachitseko icho. Ndinkamuuza kuti munthu wako sabwera. Iye ankati, 'Waona pepala, abwera.' Zaka ziwiri zathunthu, alamu. Nyumba yanu ili kuseri kwa msika kokha. Lero ndiye mwaidziwa njira?"

A Stoil anazunguza chipewa m'manja. "Ndinafikapo kangapo pakona apo."

"Pakonapo ankakuonani. Ankadzuka n'kuika kapoto pamoto. Inu n'kubwerera."

"Ndinkati ndikalowa andifunsa za mawu aja a kukhoti."

"Akanakufunsani ngati mumathirabe shuga."

A Stoil anakhalanso pabenchi. Anatola maluwa aja limodzilimodzi, akuwagwedeza kuchotsa fumbi limene panalibe.

Kamen anakhosomola. "Amayi, bambo aang'ono, popeza tonse tili pano, mwina nkhani ya munda ija..."

"Kamen, tseka pakamwa," anatero Nevena.

"Musiye," anatero a Stoil. "Anthu akowo nanenso anandiimbira. Bweretsa pepala lakolo, ndisayina, lero kaya mawa. Munda wake uti? Ndinasuzumirako chilimwe chathachi ndili pamsewu. Minga yafika m'khosi. Chitsime chija chinagumukira m'kati, mwamera mtengo. Ife tili kalikiliki kukhoti, mpesa unafa wokha."

Kamen anali atapeza chimene amafuna, koma nkhope yake inali ngati ya munthu amene wamenyedwa khofi pagulu. Anatsetsereka ndi khoma n'kukhala pansi pafupi ndi chikwama chake.

Nevena anatembenukira kukompyuta. Anadina batani loletsa kusindikiza, kenako analidinanso mwamphamvu. Makinawo sanamumve. Anali kalikiliki kututa timadontho ta nkhope ya bambo ake kupita nato kuchingwe, ndipo akanapitiriza choncho mpaka pepala lomaliza, lililonse ndi mayina atatu omwe aja. Iye anadzuka, nazungulira kuseri kwa pulinta, kumene fumbi linaunjikana ndi tizidutswa ta mapepala. Anamasula tizitsulo tiwiri togwira chingwe chonenepa chija, n'kuchizula.

Pulinta inayenda mizere ingapo, n'kuima pepala lili pakati. M'chipindamo munagwa bata loti mvula inayamba kumveka pawindo. Kompyuta inakhala kaye ngati ikumvetsera, kenako inadzidzimuka. Kamuvi kanalumphira pangodya, kawotchi kanadumphira kutsogolo, ndipo pakati pa sikirini panatuluka kabokosi konena kuti pulinta sikuyankha.

Nevena anasolola pepala lija mosamala. Panali mtanda, chipewa, mphumi ndi chipsera chake, ndi maso. Pansi pa masowo panali poyera. Analiika pambali, nakhala pampando, n'kufufuta ntchito yonse imene inatsala. Kenako anapita pamzere womaliza. Kulira kwa mabatani kunamveka m'chipinda monse pamene ankalemba: mng'ono wake Stoil.

"Ndinakuuza chiyani?" anafunsa amayi ake.

"Munandiuza, amayi, ndipo ndinamva. Koma shopu ino ndi ya bambo, ndipo pepalali ndi la bambo."

"Mwamuna ndi wanga."

"Musayambane chifukwa cha ine," anatero a Stoil. "Nevena, fufuta. Amayi ako akunena zoona."

"Sindikulembera inu, bambo aang'ono."

A Ginka anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Milomo yawo inali itauma, ndipo Nevena anaona kuti kuyambira m'mawa anali asanalire, ngakhale pamene ankawasambitsa ndi kuwaveka amuna awo. Anapita patebulo, natola mapepala amene anali atatuluka kale, n'kuwagogoda kuti alingane.

"Awa satayidwa," anatero. "Pachitseko changa pamatidwa limodzi la awa. Kwinako chitani zimene mukufuna. Ine ndatopa."

A Stoil anatambasula dzanja kupepala la theka lija. "Ili nditenge?"

Palibe anawakaniza. Analipinda kamodzi, mosamala kuti mpindowo usadutse m'maso, n'kulilowetsa m'thumba la m'kati mwa jekete.

"Alamu, ndingakwere?"

"Masitepe mukuwadziwa. Koma mukakhala m'chipindamo inu, ine sindikhalamo."

Anawapatukira kuti adutse, osawakhudza ngakhale ndi mkono wa diresi. A Stoil anadutsa m'khitchini pakati pa azimayi aja, ndipo mapazi awo anamveka akukwera, akupuma pakati, n'kukweranso. Pamwamba mpando unakokedwa. Kenako panamveka mawu otsika, a munthu wolankhula yekha, osamveka chimene akunena.

Kamen ndiye anabwezera chingwe chija, osauzidwa. Nevena anadina batani, pulinta inakoka pepala, ndipo kompyuta inaumanso monga kale. Panalibe chochita. Kunja kuwala kunkachepa, ndipo anthu odutsa pamsewu ankachepetsa liwiro pawindo, kusuzumira, n'kupitirira.

"Achemwali," anatero Kamen patapita nthawi, "ndikanawauza bambo za ogula aja, mukuganiza akanati chiyani?"

"Akanati kafunse bambo ako aang'ono."

"Ndiye ndikanapita."

"Mwina."

"Ndiye mwina iwo akanabwera."

Nevena anatenga pepala loyamba la mayina anayi n'kuliuzira kuti inki iume.

Mapepala okwanira malo ofunika atatuluka, a Ginka analowa atavala khoti lakuda ndi nsapato zawo, atanyamula kandowa ka guluu wa ufa kakufuka nthunzi, burashi ili m'kati.

"Amayi, kunja kuli mvula," anatero Kamen. "Tipita ife."

"Ndikhale pati? Pamwamba pali mlendo."

Anatuluka atatuwo, Nevena atabisa mapepala m'kati mwa khoti. Pachitseko cha nyumba a Ginka anamata okha la mayina atatu, nalisisita ndi chikhatho kuchokera pakati kupita m'mbali. Pasiteji ya basi anamata Kamen, ndipo bambo wina wodikira basi anavula chipewa, nawerenga mpaka pansi, n'kuwayang'ana onse atatu. Papositi anamata Nevena. Mvula inali yamawawa, yosanyowetsa msanga koma yolowa m'mafupa.

Bolodi la kutchalitchi linali pansi pa kadenga ka malata, pafupi ndi chipata. Linali lodzaza kuyambira pamwamba mpaka pansi, nkhope pafupi ndi nkhope, zina zatsopano, zina zotuwa, zina inki itatsika m'masaya. Kamen anasankha malo apakati, pofika maso a munthu woimirira, pamene panali pepala lachikasu la nkhalamba ina imene dzina lake linali litafufutika.

"Apa," anatero. "Ili lapita kalekale." Anatambasula dzanja kuti alandire burashi.

Amayi ake sanamupatse. Anaika kandowa pansi, naviika burashi, n'kupita kumapeto a bolodi, kumene ngodya ya pepala la mtsikana wina inamatuka ikukupiza ndi mphepo. Anaipaka guluu kunsi, n'kuikanikiza ndi chala chachikulu mpaka inagwira. Anasunthira palotsatira, la msilikali wachinyamata, limene linang'ambika pakati, nalumikiza mbali ziwirizo kuti pakamwa pake pakumane. Kenako la mayi wina wa m'mudzi wa kuseri kwa phiri, amene palibe mwa iwo ankamudziwa. Nkhalamba yachikasu ija nayo anaipaka m'mbali monse.

"Amayi, kukuda," anatero Kamen.

"Bambo ako ankayamba ndi mapepala a eni ake."

Anayenda bolodi lonse motero, ngodya ndi ngodya, ana awo ataima kumbuyo mvula ikuwagwera m'khosi. Atamaliza anabwerera m'mbuyo pang'ono, nafunafuna ndi maso. Malo opanda nkhope ya munthu anali amodzi okha, pansi penipeni kumanzere, pamene matope amathovukira magalimoto akamadutsa.

A Ginka anatambasula dzanja, Nevena n'kuwapatsa pepala. Anagwira phewa la Kamen, natsika pang'onopang'ono mpaka maondo anafika pamiyala yonyowa. Anapukuta thabwalo ndi mkono wa khoti, napaka guluu, n'kumata amuna awo pamenepo.